Malamulo amene aphungu sanalembe: kukokanakokana pa mphamvu ndi mafizi m'zigawo za America

Mu Epulo 2019, aphungu a chigawo cha Idaho ku America anatseka zokambirana zawo za chaka n'kubwerera kwawo asanavomereze bilu imodzi yomwe zaka zonse inkangodutsa popanda wina kutukula mutu. Ntchito ya biluyo inali kuwonjezera chaka china pa moyo wa malamulo onse ang'onoang'ono a chigawocho. Poti sinadutse, malamulo odzaza masamba oposa 8,000 anayenera kutha mphamvu pofika pa 1 Julaye: okhudza kusaka nyama, ziphaso za anamwino, ukhondo wa malo odyera, ngakhale ndalama zolipira polowa m'mapaki.

Zinthu sizinaime. Bwanamkubwa Brad Little anauza nthambi za boma kuti zitulutsenso malamulo ofunika ngati ongogwirizira, ndipo ena ambiri anangowasiya kuti afe. Komabe nkhaniyi inazunguza anthu mitu. Lamulo limatha bwanji ngati laisensi? Nanga ngati aphungu sanalembe okha malamulowo, analemba ndani, ndipo mphamvu anazitenga kuti?

Mikangano yotereyi ikamveka pa nyuzi imaoneka ngati ya zipani basi. Koma ukaitsata chigawo ndi chigawo, pali funso limodzi limene limabwerabwera. Nthambi ya boma ikalemba lamulo, aphungu n'kukhala chete, kodi cheteyo atanthauze kuti avomera, kapena kuti akana?

Malamulo a nthambi ndi chiyani

America ili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi Konsitityushoni yake, bwanamkubwa wake, makhothi ake ndi Nyumba ya Malamulo yake. Kupatula Nebraska, nyumba zonsezi zili ndi zipinda ziwiri: Senate, ndi china chomwe zigawo zambiri zimachitcha House. Zambiri zokhudza moyo wa tsiku ndi tsiku, monga laisensi yoyendetsera galimoto, chiphaso cha wometa tsitsi kapena kamangidwe ka nyumba, zili m'manja mwa zigawozi osati boma lalikulu la ku Washington.

Aphungu akamapanga lamulo amanena cholinga: madzi akumwa akhale aukhondo, dokotala asagwire ntchito popanda chiphaso. Salemba kuti madzi aziyezedwa kangati pamwezi, kapena kuti dokotala aphunzire maola angati asanamuwonjezere chiphasocho. Zimenezo amazisiyira nthambi ya boma yomwe ili ndi akatswiri, ndipo zomwe nthambiyo yalemba zimakhala ndi mano ngati lamulo la aphungu lomwe. Ukaziphwanya, ulipira chindapusa kapena akulanda chiphaso.

Taganizani za mjigo wa m'mudzi. Anthu asonkhana pabwalo, agwirizana kuti mjigowo uzisamalidwa ndipo banja lililonse lizisonkha kangachepe kogulira zitsulo zikatha. Asankha komiti. Ndi komitiyo imene idzanene kuti mjigo uzitsekedwa nthawi yanji, kuti pasachapidwe zovala, ndiponso kuti banja lizipereka zingati pamwezi. Msonkhano wa pabwalo sungakumane sabata iliyonse kukambirana za loko. Koma tsiku limene komiti idzakweze msonkhamsonkha kawiri, padzapezeka wina wonena kuti: tinakutumani kusamala mjigo, osati kutidyera ndalama. Mkangano wa ku America wagona pamenepo, kungoti kumeneko olemba malamulowo ndi ogwira ntchito m'boma amene sanavoteredwe, ndipo ambiri a iwo ali pansi pa bwanamkubwa.

Nthambi zoterezi zinayamba kuchuluka nthawi ya njanji. Zigawo zinakhazikitsa mabungwe oyang'anira mitengo ya sitima, ndipo boma lalikulu linatsatira mu 1887 ndi Interstate Commerce Commission. M'zaka za m'ma 1930, chuma chitagwa, Pulezidenti Franklin Roosevelt anawonjezera nthambi zambiri, ndipo madandaulo akuti zakula mphamvu anabala Administrative Procedure Act ya 1946. Lamuloli linaika njira: nthambi ilengeze zomwe ikufuna kulemba, ipatse anthu mpata wopereka maganizo, kenaka isindikize. Zigawo zinapanga malamulo ofanana nalo. Wowerenga wa ku Malawi sangadabwe nazo kwenikweni, chifukwa ndime 58 ya Konsitityushoni ya Malawi imalola Nyumba ya Malamulo kupatsa nthambi za boma mphamvu yolemba malamulo ang'onoang'ono, bola akaperekedwe ku Nyumbayo.

Zomwe aphungu angachite lamulo likalembedwa

Njira yosakanika ndi yoti aphungu apange lamulo latsopano lofufuta la nthambi. Palibe amatsutsa kuti mphamvu imeneyi ali nayo. Vuto lake n'lakuti bilu iyenera kudutsa zipinda zonse ziwiri n'kukafika pa desiki ya bwanamkubwa, yemwe nthawi zambiri ndi bwana wa nthambi yomwe yalemba lamulolo. Akakana kusaina, m'zigawo zambiri pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu kuti amupitirire. Ndiye pali vuto la nthawi. Aphungu a zigawo zambiri ndi alimi, maloya, aphunzitsi ndi amalonda amene amakumana miyezi yochepa pachaka. A ku Texas, Montana, Nevada ndi North Dakota amakumana mwa nthawi zonse kamodzi pa zaka ziwiri. Nthambi zokha sizipuma.

N'chifukwa chake zigawo zakhala zikufuna njira zachidule. Kwina komiti ya aphungu imangowerenga lamulo n'kupereka malangizo amene nthambi ikhoza kuwanyalanyaza. Kwina komiti imatha kuliimitsa kaye mpaka Nyumba yonse idzakumane. Kwina zipinda ziwiri zimatha kulifufuta ndi chigamulo chawo chokha, bwanamkubwa osafunsidwa. M'njira zonsezi lamulo limakhalabe ndi moyo ngati aphungu sanachitepo kanthu.

Pali zigawo zimene zinatembenuza zinthu. Ku West Virginia, malamulo a nthambi amene amamanga anthu sayamba kugwira ntchito mokhazikika mpaka aphungu atawaloleza kudzera mu bilu. Ku Colorado, malamulo atsopano amatha okha pa 15 Meyi pokhapokha aphungu atawatalikitsira moyo mu bilu ya chaka ndi chaka. Papepala kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kumasintha amene ayenera kuthamangathamanga. Pamene chete ndi kuvomera, wodana ndi lamulo ndiye ayenera kusaka mavoti. Pamene chete ndi kukana, nthambi ndiyo iyenera kugogoda pa zitseko za aphungu, ndipo wapampando mmodzi wa komiti amene wangoika pepala m'dirowa amakhala ndi mphamvu imene ovota ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Mlandu wa mnyamata wobadwira ku Kenya

Njira yofufuta malamulo popanda bwanamkubwa kapena pulezidenti inakumana ndi chipsinjo chachikulu kudzera mwa munthu amene analibe nazo kanthu ndale za America. Jagdish Chadha anabadwira ku Kenya, makolo ake anali ochokera ku India, ndipo ankayendera pasipoti ya Britain. Anapita ku America kukaphunzira, viza yake n'kutha. Woweruza wa nthambi yoona za olowa m'dziko anamulola kukhala. Koma lamulo la nthawiyo linkalola chipinda chimodzi cha Congress, Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, kugwetsa chigamulo chotere, ndipo mu Disembala 1975 House inavota kuti Chadha achotsedwe m'dzikomo.

Mu 1983 khothi lalikulu la America linagamula momukomera. Mkulu wa oweruza Warren Burger analemba kuti Congress ikafuna kusintha ufulu kapena udindo wa munthu, ndiye kuti ikupanga lamulo, ndipo njira yopangira lamulo ndi imodzi: zipinda zonse ziwiri zivomere, pulezidenti apatsidwe mpata wosaina kapena kukana. Woweruza Byron White anatsutsa. Iye anati chigamulochi chagwetsa nthawi imodzi ndime za m'malamulo pafupifupi 200, ndipo chasiya Congress pakati pa zoipa ziwiri: kukana kupereka mphamvu kwa nthambi n'kumalemba yokha kalikonse, kapena kupereka mphamvuzo n'kuzitaya. Mbali ziwiri za mkangano wa lero zikubwerezabe mfundo za Burger ndi White. Congress inayankha mu 1996 ndi Congressional Review Act, yomwe imafulumizitsa kufufuta lamulo la nthambi koma imafunabe siginecha ya pulezidenti. Ichi n'chifukwa chake imagwira ntchito kwenikweni pulezidenti watsopano akangolowa n'kupeza malamulo a amene wachoka.

Chigamulo cha Chadha chinali chokhudza boma lalikulu. Chigawo chilichonse chimamasulira Konsitityushoni yake, koma makhothi ambiri a zigawo anafika pa mfundo yomweyo, ena Chadha asanagamulidwe: Alaska mu 1980, West Virginia mu 1981, New Jersey mu 1982, Kansas mu 1984, Michigan mu 2000. Aphungu sanagonje. Anapita kwa ovota kukapempha kuti mphamvuyo ilembedwe mu Konsitityushoni momwemo, ndipo zinatheka ku Connecticut mu 1982, Iowa mu 1984, New Jersey mu 1992, Nevada mu 1996 ndi Arkansas mu 2014. Ovota a ku Alaska anakana katatu m'zaka za m'ma 1980, ndipo a ku Kansas anakana ndi mavoti ochepa kwambiri mu 2022. Ndiye mukamva kuti izi n'zosemphana ndi Konsitityushoni, funsani kuti ya chigawo chiti.

Idaho: kumene fizi inali ndi khomo lakelake

Idaho inatenga njira yakeyake. Mu 1990, pa mlandu wa Mead v. Arnell, khothi lalikulu la chigawocho linalola aphungu kufufuta lamulo la nthambi ndi chigamulo cha zipinda ziwiri. Nkhani yake inali ya malamulo a nthambi ya zaumoyo okhudza maenje a zonyansa za m'nyumba zomwe sizinalumikizidwe ku mapaipi a mzinda. Khothi linati lamulo la nthambi silifanana ndi lamulo la aphungu. Ndi mphamvu yobwereka, ndipo mwini wake akhoza kuilanda. Poopa kuti oweruza ena adzasintha maganizo, aphungu anapempha ovota kuti aikhomere mu Konsitityushoni. Mu 2014 ovota anakana, mu 2016 anavomera.

Ku Boise, likulu la Idaho, masabata oyambirira a zokambirana mu Januwale amathera pa ntchito imeneyi. Makomiti amakhala ndi mabuku a malamulo atsopano, wogwira ntchito wa nthambi amaimirira kutsogolo kufotokoza tsamba ndi tsamba, ndipo mlimi wa ng'ombe kapena mwini malo osungira ana akhoza kulembetsa dzina n'kulankhula. Kwa zaka zambiri panali makomo awiri. Lamulo wamba linkadutsa pokhapokha zipinda zonse ziwiri zitalikana. Lamulo loika kapena kukweza fizi linkafa pokhapokha zipinda zonse ziwiri zitalivomera. M'nyumba imodzi yomweyo, chete ankatanthauza "inde" pa malamulo ena ndi "ayi" pa nkhani ya ndalama.

Zomwe zinachitika mu 2019 zinachokera pa kusiyana kumeneku. House inkafuna kuti malamulo onse azidutsa khomo lolimba la fizi, kuti chipinda chimodzi chizitha kupha lamulo. Senate inakana, ndipo House inasiya dala bilu ya chaka ndi chaka ija. Onse anali a chipani chimodzi cha Republican, bwanamkubwa yemwe, choncho uwu sunali mkangano wa zipani. Chodabwitsa n'chakuti aphungu amene ankafuna mphamvu zochuluka anamaliza ndi kupereka cholembera kwa bwanamkubwa, pakuti ndi ofesi yake imene inasankha malamulo oti abwerere ndi oti atayidwe, aphungu ali kwawo. Mu 2023 lamulo linasinthidwa kuti malamulo atsopano a nthambi azifuna chivomerezo cha zipinda zonse ziwiri, kutanthauza kuti zomwe House inkafuna zinadzatheka.

Wisconsin: komiti ya anthu 10

Ku Wisconsin mphamvu zinali m'manja mwa komiti imodzi ya aphungu 10, asanu ochokera chipinda chilichonse, yodziwika ndi zilembo zakuti JCRAR. Mu 1992 khothi linavomereza kuti komitiyi ikhoza kuimitsa lamulo kwa kanthawi. Mu 2017 aphungu anaiwonjezera mphamvu yotsekereza lamulo popanda malire a nthawi. Bwanamkubwa ndi aphungu ali a chipani chimodzi, sizinkamveka kwambiri. Tony Evers wa Democratic atalowa mu 2019, Nyumba ili m'manja mwa Republican, komitiyi inasanduka bwalo la nkhondo.

Malamulo awiri ndiwo anafika kukhothi. Lina linali loletsa alangizi a zamaganizo kupereka chithandizo chofuna kusintha munthu amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzake. Lina linali lokonzanso miyezo ya kamangidwe ka nyumba zamalonda. Mu Julaye 2025, pa mlandu wa Evers v. Marklein, khothi lalikulu la Wisconsin linagamula kuti komiti singaimitse kapena kutsekereza lamulo payokha, ndipo linafufuta chigamulo cha 1992. Mfundo yake inali ya Chadha yomwe ija. Okondwa anati anthu 6 m'komiti asamachite zimene Konsitityushoni inapatsa Nyumba yonse pamodzi ndi bwanamkubwa. Okhumudwa anati aphungu anapereka mphamvu kwa nthambi podalira kuti chingwe chili m'manja mwawo, ndiye khothi ladula chingwecho koma mphamvuzo lazisiya komweko. Dandaulo lachiwirili lili ndi kulemera kwake, ngakhale kwa munthu amene akugwirizana ndi chigamulocho.

Fizi kapena msonkho?

Apa ndi pamene pagona ndalama. Mfundo yakale n'njakuti msonkho umaikidwa ndi oimira anthu okha. Ku Malawi ndime 171 ya Konsitityushoni imanena zofanana, kuti msonkho uliwonse uyenera kukhala ndi lamulo kumbuyo kwake. Fizi ndi yosiyana: ndi malipiro a ntchito imene boma lakuchitira, kapena a mtengo woyang'anira bizinesi yako. N'chifukwa chake aphungu amalola nthambi kuika mafizi, nthawi zina mpaka pa mlingo umene lamulo latchula, nthawi zina ndi mawu akuti fizi ikhale yokwanira kulipira ntchitoyo.

Makhothi ayesa kulemba mzere pakati pa ziwirizi. Chigamulo chotchulidwa kwambiri ndi cha ku Massachusetts mu 1984, pamene Emerson College inasumira mzinda wa Boston. Mzindawo unkalipiritsa eni nyumba zikuluzikulu ndalama yapadera ponena kuti nyumba zawo zimafuna zida zambiri zozimira moto. Khothi linati fizi yeniyeni imapindulira wolipirayo mwa njira imene ena sapindula, munthu akhoza kuipewa posagwiritsa ntchito chinthucho, ndipo cholinga chake ndi kubweza zomwe boma lawononga osati kudzaza thumba la boma. Moto wa nyumba yayikulu ukazimitsidwa amapulumuka ndi oyandikana nawo omwe, ndipo mwini nyumba sangauze ozimitsa moto kuti asabwere. Choncho ndalama ya Boston inali msonkho wovala malaya a fizi, ndipo inagwa.

Dzinali limakhala nkhani yayikulu m'zigawo zimene zinamanga manja a aphungu pa misonkho. Ku California, Proposition 13 ya 1978, mfundo imene ovota eni ake anaivomereza pa voti, inalamula kuti kukweza msonkho wa chigawo kuzifuna mavoti a magawo awiri mwa atatu. Fizi inkangofuna oposa theka. Mu 1997, pa mlandu wa kampani ya Sinclair Paint, khothi linavomereza ndalama imene makampani okhudzidwa ndi mtovu ankalipira yothandizira ana amene mtovuwo unawalowa m'magazi. Linati imeneyo ndi fizi chifukwa ikukonza vuto limene olipirawo anathandiza kuyambitsa. Amalonda anaona kuti khomo latseguka kwambiri, ndipo mu 2010 ovota anavomereza Proposition 26: ndalama iliyonse imene boma lalamula ndi msonkho pokhapokha ikalowa m'magulu ochepa amene atchulidwa, ndipo ndi boma limene liyenera kupereka umboni kuti si msonkho.

Colorado inapita patali. Kusintha kwa Konsitityushoni kwa 1992, kodziwika kuti TABOR, kumati msonkho watsopano kapena wokwera uyenera kuvomerezedwa ndi ovota enieni. Koma kunasiya mpata wa mabizinesi a boma amene amadzipezera okha ndalama ndipo salandira kuchokera ku boma zoposa 10 peresenti ya zomwe amapeza pachaka. Mpatawo ndiwo wakhala njira. Mu 2009 aphungu anaika ndalama yokonzera milatho pa kalembera wa galimoto kudzera mu bizinesi yotere, ndipo makhothi anaivomereza. Mu 2018 khothi lalikulu la chigawocho linagamula kuti masenti 20 amene mzinda wa Aspen umalipiritsa pa thumba la pepala m'magolosale si msonkho, chifukwa ndi mbali ya ndondomeko yochepetsa zinyalala. Ovota anayankha mu 2020 ndi Proposition 117, yoti bizinesi yatsopano ya boma imene ikuyembekezeka kutolera zoposa $100 miliyoni m'zaka zisanu zoyamba iyenera kupita ku voti. Chaka chotsatira aphungu anapanga lamulo la zamtengatenga lokhala ndi mafizi angapo ogawidwa ku mabizinesi angapo, ndipo kuyambira Julaye 2022 wogula katundu womubweretsera pakhomo anayamba kuona masenti 27 pa risiti yake. Otsutsa anati kugawako n'kuzembera ovota. Ochirikiza anati misewu ikufuna ndalama, msonkho wa mafuta sunakwere kwa zaka pafupifupi 30, ndipo fizi iliyonse ili ndi ntchito yake yodziwika.

Chimene nkhani ya Colorado ikuonetsa n'chakuti si nthambi zokha zimene zimakonda fizi. Nthawi zambiri ndi aphungu eni ake, pamene njira ya msonkho yatsekeka. Palinso mbali ina imene siimveka kawirikawiri. Bungwe lopereka ziphaso kwa akatswiri nthawi zambiri limayendera mafizi okha. Aphungu akakana kukweza fizi kwa zaka zambiri, ndalama za wolipira zimapulumuka, koma oyendera amachepa ndipo chiphaso chimachedwa kutuluka. Ndiye nthawi zina mupeza eni ntchitoyo akupempha okha kuti fizi yawo ikwere.

Mlingo wa ndalama

Njira imene yafala zaka zaposachedwa ndi yoika mlingo: malamulo otchipa adutse okha, okwera mtengo adikire aphungu. Ku Congress bilu yotere, ya REINS, inayamba kuperekedwa mu 2009 ndi mlingo wa $100 miliyoni pachaka. Yadutsa House kangapo koma sinadutsepo Senate. Zigawo zinayenda msanga. Florida inaika mlingo wa $1 miliyoni pa zaka zisanu mu 2010, Wisconsin $10 miliyoni pa zaka ziwiri mu 2017, ndipo Kansas $1 miliyoni pa zaka zisanu mu 2024, aphungu atapitirira kukana kwa Bwanamkubwa Laura Kelly. Njirayi ili ndi mwayi kukhothi, chifukwa chilolezo chimabwera ngati bilu yodutsa zipinda ziwiri n'kupita kwa bwanamkubwa.

Makhothi nawonso akusintha. Mu 2024, pa mlandu wa Loper Bright, khothi lalikulu la America linathetsa mfundo ya Chevron ya 1984 yoti lamulo likakhala losamveka bwino woweruza azitsamira kumasulira kwa nthambi. Mlanduwo unayamba ndi asodzi a ku New Jersey amene anauzidwa kuti azilipira okha oyang'anira okwera m'maboti awo, ndalama yokwana pafupifupi $700 patsiku. Zigawo zina, monga Arizona ndi Florida, zinali zitachita kale zofanana mu 2018.

Zimene sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi la nthawi ndi luso. Phungu amene amakumana ndi anzake miyezi itatu, wopanda akatswiri akeake, angawerenge bwanji masamba mazanamazana a miyezo ya madzi kapena ya mankhwala? Ochirikiza mphamvu za aphungu amati ngakhale kuwerenga kochepa kumathandiza, chifukwa nthambi yodziwa kuti ikaimirira pamaso pa komiti imayamba yafunsa anthu isanalembe. Otsutsa amati amene amapeza mpata wofika ku komiti ndi makampani okhala ndi olankhulira awo ku likulu, osati mayi amene amamwa madziwo. Zonse ziwiri zimachitika, ndipo palibe muyeso wogwirizana wosonyeza kuti chochuluka n'chiti.

Lachiwiri ndi la kuwerengera. Ngati mlingo ndi $1 miliyoni, amene akuwerengera mtengo wa lamulo ndiye wagwira kiyi, ndipo nthawi zambiri ndi nthambi yomweyo. Kodi lamulo limodzi lalikulu likagawidwa patatu, liwerengedwe ngati limodzi? Nanga phindu lake, monga matenda amene apewedwa, lilowe m'masamuwo? Malamulo ambiri a mlingo amayang'ana mtengo wokha.

Lachitatu ndi la zadzidzidzi. Pafupifupi chigawo chilichonse chimalola malamulo ongogwirizira pakagwa mliri kapena ngozi, ndipo khomo lalikulu likalimba anthu amathamangira kakhomo aka. Nthawi ya Covid-19 inaonetsa kuti palibe mgwirizano pa funso lakuti chadzidzidzi chimatha liti, ndiponso ndani anene kuti chatha.

Ndipo pa ndalama, mzere pakati pa fizi ndi msonkho ukusunthabe. Munthu akhoza kupewa fizi ya paki posapita kupaki, koma kodi wokhala kutali ndi tauni, kopanda basi, angapewedi fizi ya kalembera wa galimoto? Fizi ikatolera zoposa mtengo wa ntchito, aphungu n'kutenga zotsalazo kukatsekera mabowo ena mu bajeti, imakhalabe fizi? Makhothi a zigawo zosiyana ayankha mosiyana. Ku Wisconsin nako, chigamulo cha 2025 chinangobala mkangano wina, wakuti kodi nthambi ziyenerabe kudikira makomiti a aphungu zisanasindikize malamulo awo, ndipo aphungu atsala ndi njira ziwiri zomwe anzawo a zigawo zina anayesapo: kupita kwa ovota kukasintha Konsitityushoni, kapena kuchepetsa mphamvu zimene amapereka kwa nthambi kuyambira pachiyambi.